Pita ku Dedza, Dalitso

Mwana wanga Dalitso,

Pamaso pa anthu ndimakutchula kuti bambo a Tadala, monga mmene ziyenera kukhalira ndi munthu wapabanja, koma m'kalata muno undilole ndikuitane ndi dzina limene ndinakupatsa ndekha. Ndikulemba masana ano ndili pakhonde, inu mukumanga katundu kwanuko. Ndikanatha kubwera kudzalankhula pakamwa, koma umandidziwa, ndikayamba nkhani ndimakhotera kwina, komanso nyumba yanuyo lero yadzaza anthu odzatsanzikana nanu. Kalatayi ndiwapatsira amake Tadala kuti uwerenge lero lomwe.

Mawu anga oyamba ndi awa: pita. Wasiya ntchito ya ku banki ku City Centre, wavomera yosunga chuma pa sukulu ya mishoni ku Dedza, malipiro ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene unkalandira, ndipo ine mayi ako ndikuti wachita bwino. Lamulungu lapitali, atsibweni ako atakukhazika pansi n'kukufunsa ngati mutu wako ukuyenda bwino, ine ndinangokhala chete. Sindinafune kutsutsana ndi alongo anga pamaso pa mpongozi. Koma usaganize kuti ndinagwirizana nawo.

Ndakhala ndikukuona zaka zonsezi. Umachoka pakhomo Tadala asanadzuke, umabwera atagona, kumapeto a mwezi ngakhale Loweruka uli ku ofesi. Tsiku lina munabwera kudzandiona, iwe unakhala pampando n'kugona foni ili m'manja, tiyi mpaka kuzizira. Utadzuka unafuna kunyamula Tadala, mwana n'kuthawira kuseri kwa amake. Unaseka, tonse tinaseka, koma ine ndinaiona nkhope yako. Ndinaizindikira chifukwa zoterezi zinandichitikirapo, ndipo amene anandichita zimenezo ndiwe.

Umadziwa kuti ndinagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Area 43, koma unali wamng'ono, zambiri sukuzikumbukira. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Mchesi m'kanyumba ka lendi. Malemu bambo ako ankasoka pakhonde la sitolo ina ku Old Town, ndipo ndalama ya utelala imabwera nyengo ya mayunifolomu ndi ya Khirisimasi, miyezi ina kumangopukuta makina. Mayi wina wa kumpingo anandipezera malo kwa banja lochokera kunja. Ntchito yanga inali kuphika ndi kulera kamtsikana kawo. Anali anthu abwino, ndisawanamizire. Malipiro anali okoma, sopo ndi shuga ankandipatsa, zovala zimene mwana wawo wasiya zinkabwera kwathu. Chovuta chinali chimodzi: ndinkayenera kugona konko, m'nyumba ya antchito kuseri, chifukwa abwana ndi adona ankachoka m'mawa n'kubwera mochedwa. Kwathu ndinkafika Lamulungu lokha. Iwe unkagona ndi bambo ako, koma okusambitsa ndi kukudyetsa anali amayi ako aakulu, a Esinati, amene ankakhala nyumba yoyandikana ndi yathu. Ana a pamalopo anayamba kunditchula kuti amayi a Lamulungu, iwenso n'kutengera. Ine ndinkangoseka, ndinkati ndi zachibwana.

Uli sitandade wani unagwa pa mpanda wa njerwa n'kuthyoka mkono. Mafoni a m'manja anali asanafike kwa anthu ngati ife, ndiye uthenga unandipeza tsiku lotsatira, kudzera mwa mlonda wa nyumba yoyandikana amene ankachokera ku Mchesi komweko. Adona anandilola kupita, n'kundipatsa ndi ya minibasi. Kuchipatala ndinakupeza uli pabedi, mkono uli m'chikhakha, a Esinati atakhala pambali pako. Namwino anabwera ndi mankhwala n'kufunsa kuti mayi wa mwanayu ndi uti. Ndisanatsegule pakamwa, iwe unaloza a Esinati ndi dzanja labwinolo. Namwinoyo anandipempha mwaulemu kuti alendo ayambe adikira panja. Ndinatuluka. Ndinakhala pabenchi nditafumbata kajumbo ka maapozi amene ndinakugulira panjira, mpaka a Esinati anatuluka kudzanditenga, misozi ili m'maso, ngati kuti olakwa anali iwowo.

Mwina ukuganiza kuti ndinasiya ntchito sabata yomweyo. Ayi, mwana wanga. Tinali titagula kapuloti ku Area 36, pamene pali nyumba inoyi, ndiye ndinadziuza kuti ndingomaliza khoma. Khoma litatha ndinati malata. Malata atakwera ndinati zitseko. Nditalimba mtima n'kuwauza adona kuti ndikufuna kusiya, anandiwonjezera malipiro n'kundilonjeza kuti Loweruka lina ndizipuma. Ndinavomera, n'kubwera kwathu ndikusangalala ngati ndapambana. Loweruka lija linakhalapo kangapo kenako linazimiririka, osati chifukwa cha nkhanza ayi, koma nthawi zonse pankakhala chifukwa chomveka: kwabwera alendo, abwana ali pa ulendo, mwana watentha thupi. Unafika sitandade folo ine ndidakali amayi a Lamulungu. Unandiuza wekha kuti abwana ako a ku banki anakuimbira foni kuti ukabwerera akukweza. Adzaimbanso, Dalitso, chifukwa ndiwe wantchito wabwino. Uwayankhe mwaulemu, uwathokoze, koma usabwerere. Ntchito imene inkakudyera nthawi idzakudyerabe ngakhale atakusinthira mpando. Ndipo usamvere mawu a mumtima akuti ndingomaliza chakuti kaye. Ine ndinawamvera, zomaliza sizinathe.

Chimene chinandichotsa ku 43 chinali chaching'ono. Kamtsikana ndinkalera kaja kanayamba sukulu, ndipo masana tinkakhala patebulo kakundiwerengera timabuku take, ine ndikukaombera m'manja. Tsiku lina kakuwerenga choncho ndinadzifunsa kuti kodi wangayo amawerenga bwanji, ndipo ndinapeza kuti sindikudziwa. Lamulungu lotsatira, titabwera ku tchalitchi, ndinakupatsa buku la nyimbo kuti undiwerengere ndime imodzi. Unaliyang'ana, n'kuyang'ana pansi. Mwana wa sitandade folo, mawu atatu otsatizana anakukanika. Nditafufuza ndinamva kuti masiku ambiri sunkafika kusukulu, unkakhotera kudepoti kukaonerera oitanira minibasi. Bambo ako anali pa makina tsiku lonse, a Esinati anali ndi ana awo odzaza nyumba. Panalibe wokuona. M'mawa mwake ndinawauza adona kuti ndingomaliza mwezi. Anafuna kuwonjezeranso, ndinakana ndisanamve n'komwe kuti ndi zingati. Analira, nanenso ndinalira, chifukwa mwana wawo ndinkamukonda. Ntchito ina ndinaipeza pa sukulu ya mkaka ku Old Town, yophika phala, kutsuka makapu ndi kusesa, kuweruka masana. Malipiro ake sankafika ndi theka lomwe la akale aja.

Bambo ako ndinawauza zonse zitatha kale. Ndinawapeza pakhonde paja akusoka, n'kuwafotokozera ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Anaimitsa makina, kenako anati: "Amake Dalitso, kusiyako sindikukana. Koma m'nyumba muja tilimo awiri, ndipo mwandiuza ngati mukuuza munthu woyandikana naye." Anapitiriza kusoka. Panatenga nthawi kuti tiyambenso kuchezerana bwino, ndipo ankanena zoona, chifukwa katundu amene ndinatula ine anagwera pa msana pawo osawafunsa. Iwe ndikudziwa kuti munakambirana ndi amake Tadala, koma kukambirana sikutha tsiku lonyamuka. Iwowo akusiya anthu amene amawagula makeke, akusiya anzawo, akusiya amayi awo ku Kawale, akupita kumalo kozizira kumene sadziwa munthu. Iwe m'mawa uliwonse uzidzuka uli ndi kopita, iwo ayi. Uziwafunsa mmene zikuwayendera, ndipo akadandaula usamve ngati akukuimba mlandu. Malipiro atsopanowo awadziwe onse, muzikhala pansi awiri n'kuona chotheka ndi chosatheka. Usawabisire kanthu pofuna kuoneka mwamuna.

Sindikunamiza kuti zinali zophweka. Lendi itatikanika tinasamukira m'nyumba muno isanathe, khoma lopanda pulasitala, pansi pa dothi, mawindo otseka ndi masaka. Tiyi tinayamba kumwa wopanda mkaka, nyama inkaoneka mwa apo ndi apo, njinga ya bambo ako tinagulitsa. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinaona galimoto ya adona itaima pa sitolo ku Old Town. Kumbuyo kunakhala mtsikana amene analowa m'malo mwanga, atavala nsapato zatsopano, kamwana kaja katamutsamira paphewa. Ine ndinali ndi patapata womanga ndi waya. Ndinabisala kuseri kwa ogulitsa nthochi mpaka galimoto itachoka, ndipo njira yonse ndinkadzitcha chitsiru. Masiku otere adzakufikira nawenso. Udzaona anzako a ku banki atagula magalimoto atsopano iwe ukuganiza zogulitsa yakoyo. Udzanong'oneza bondo, ndipo usadabwe nazo. Kuwawa kwa tsiku limenelo sikutanthauza kuti unalakwitsa. Ugone, kukacha upite kuntchito.

Ndiye pali pakamwa pa anthu. Nditangosiya, kumpingo kunamveka kuti azungu andichotsa chifukwa ndinaba ziwiya za kukhitchini. Palibe amene ankakhulupirira kuti munthu wamutu wake angasiye yekha malipiro ngati amene aja. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinafuna kuwaonetsa kuti sindinagwe. Kutabwera ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo, ndinagula chitenje chodula, ndinakonzetsa tsitsi, ndipo pa perekaniperekani ndinavina kutsogolo ndikuponya ndalama ngati mkazi wa bwana. Mwezi umenewo tinautsiriza ndi masamba otendera okhaokha, iwe n'kupita kusukulu ndi kabudula wong'ambika kumbuyo, mwana wa telala. Nanga miseche inatha? Anangosintha nkhani, n'kumati onani ndalama zakuba zija. Za iwenso anthu ayamba kale, ena akuti ku banki kunasowa ndalama, ena akuti ukudwala. Asiye. Usagule chinthu, usapereke chopereka, usachititse phwando pofuna kutseka pakamwa pa munthu. Ukapita kumaliro kapena ku ukwati upereke chimene thumba lako latsopano likulola, ndipo uchipereke mutu uli m'mwamba.

Chinthu china chimene sindinachiyembekezere ndi mantha. Munthu ukazolowera ndalama yokwanira, ikachepa mtima sukhala m'malo, ndipo nthawi imene wapeza ija umayamba kuiona ngati ikuwonongeka. Ine ndinapeza benchi ku msika wa Tsoka n'kuyamba kugulitsa kaunjika wa ana. Poyamba linali Loweruka lokha. Kenako ndinati ndikaweruka ndizidutsirako pang'ono. Posakhalitsa ndinkachoka ku sukulu ya mkaka kulunjika ku Tsoka, kufika pakhomo dzuwa litalowa, nditatopa moti ngakhale kukufunsa za kusukulu kunkandikanika. Tsiku lina ndikulowa ndi chimtolo changa pamutu, bambo ako anandilandira n'kufunsa mofatsa kuti: "Kodi munachoka ku 43 kuti musamukire ku Tsoka?" Ndinakwiya, ndinawayankha zambiri, koma m'mawa mwake ndinakauza mnzanga wa benchi yoyandikana kuti azindiona Loweruka basi. Iwe uli ndi luso la mawerengero, ndipo ku Dedza akakudziwa adzabwera. Wa golosale adzafuna umukonzere za msonkho, mpingo udzafuna ukhale msungichuma, wina adzakunyengerera za bizinesi ya mbatata. Sindikuti ukane zonse, pang'ono pothandizira pakhomo mpofunika. Koma udziikire malire usanafike, ndipo amake Tadala akhale ndi mphamvu yokukumbutsa. Ukaweruka, weruka. Wagula nthawi imeneyi modula, usaigulitsenso motchipa.

Tsopano ndikuuze chimene chinandivuta kuposa zonse, chifukwa ndikuona kuti chikukudikira. Ine ndinkaganiza kuti ndikangobwerera pakhomo udzandithamangira. Sunatero. Ukaweruka kusukulu unkayenda wapansi mpaka ku Mchesi kwa a Esinati, kukadya konko, nthawi zina kukana kubwerera. Chakudya changa unkati sichikoma ngati chawo, ine amene ndinkaphikira azungu. Tsiku lina ndinakulondola, ndinakupeza ukusewera pabwalo pawo, ndipo mkwiyo unandigwira. Ndinakukalipira pamaso pa ana anzako kuti ine ndasiya ntchito yabwino chifukwa cha iwe, tikuvutika chifukwa cha iwe, ndiye ukundithawa. Unandiyang'ana m'maso n'kuyankha kuti: "Kodi ndinakutumani ndine?" Ndinakweza dzanja, a Esinati n'kuligwira. Ananditengera kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti mwanayu sanandipemphe kuti ndipite ku 43, sanandipemphenso kuti ndibwereko, zonse ziwiri ndinasankha ndekha, ndiye ndisamusenzetse.

Kuyambira pamenepo ndinasintha njira. Ndikaweruka ndinkabwera kudzaima pa geti ya sukulu yanu. Unkatuluka, kundiona, n'kuyamba kuyenda patsogolo ngati sukundidziwa, ine pambuyo. Tikafika pakhomo tinkakhala pamthunzi ndi buku la nyimbo lija, iwe ukuwerenga mokakamizika, ine ndikudziletsa kukalipa. Zinatenga miyezi, ndipo kangapo ndinafuna kuzisiya. Ndiye tsiku lina kunagwa mvula tili m'njira, tinabisala pakhonde la chigayo, ndipo mosayembekezereka unayamba kundiuza za mphunzitsi wanu amene ankagona m'kalasi atatsamira bolodi, choko chili m'manja. Unamuyerekeza mpaka ndinaseka misozi. Mvula itakata tinanyamuka, ndipo unayenda pambali panga ukulankhula mpaka pakhomo. Panalibe china chachikulu chimene chinachitika. Kungoyambira tsiku limenelo unayamba kundiuza zinthu.

Choncho usakafike ku Dedza n'kuyembekeza kuti Tadala akulipira. Mwana alibe nawe ngongole. Akakuthawa usakwiye, usamukakamize kukhala pamwendo pako, usamunyengerere ndi maswiti. Uzingopezeka. Ukhale pamkeka pamene akusewera, umusambitse, umuperekeze kogona ngakhale akulirira amake. Adzabwera yekha pa nthawi yake. Ndipo pa moyo wako wonse, ngakhale atakula n'kukukhumudwitsa chotani, usadzamuuze kuti unasiya banki chifukwa cha iye. Unasankha wekha, ngati munthu wamkulu.

Nthawi imene ndinapeza ija sinathandize iwe wekha. Bambo ako atayamba kudwala, iwe uli ku sekondale yogonera konko, ine ndinalipo masana aliwonse. Ndinkawatulutsa kukhala padzuwa, tinkacheza za kumudzi, za mmene tinakumanirana, nkhani zimene pa zaka zonse za ukwati wathu tinalibe mpata wozikamba. Tsiku limene anatisiya ndinali pambali pawo. Ndikanakhala ndidakali ku 43, uthenga ukanandipeza mochedwa. Pulasitala wa nyumba ino anachita kudikira mpaka iwe utayamba ntchito, ndipo sindinaonepo kuti kudikirako kunatipha.

Zing'onozing'ono ndisaiwale. Ku Dedza kumazizira kuposa kuno, ndipo Tadala sachedwa kugwidwa chifuwa, ndiye majuzi ake akhale pamwamba m'chikwama, osati pansi pa katundu. Mukafika mudzionetse kumpingo sabata yoyamba. Anthu ogwira ntchito pasukulupo, kuyambira aphunzitsi aakulu mpaka ophika ndi alonda, uwapatse ulemu wofanana, ndipo mawu akuti ku banki tinkachita chonchi asamatuluke pakamwa pako kawirikawiri. Atsibweni ako uwaimbire foni mukafika. Analankhula mokalipa chifukwa umphawi amaudziwa ndipo amakuopera, si kuti amakuda.

Chomaliza ndi ichi, ndipo uchimve bwino. Dzulo amake Tadala anabwera kuno okha. Atazungulirazungulira anandiuza kuti chimene chikukusowetsa mtendere si galimoto kapena mawu a anthu, koma ine. Akuti ukudandaula kuti thandizo limene umanditumizira mwezi ndi mwezi, ndi mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi, sudzakwanitsanso monga kale, ndipo akuti pena umanena kuti mwina ungobwerera ku banki chifukwa cha amayi. Usawakalipire pondiuza, anachita bwino. Ine ndakonza kale. Zipinda ziwiri zakumbuyo zija ndazisesa, makina a bambo ako ndawalowetsa kuchipinda kwanga, ndipo mwezi ukayamba mukulowa mtsikana wina wophunzitsa pa pulayimale yapafupiyi, wa lendi. Ndi wa mpingo wathu, ndamuona khalidwe lake, ndipo ndipezanso wocheza naye. Benchi yanga ya Loweruka ku Tsoka ikadalipo, miyendo yanga ikadayenda. Usanditumizire kanthu mpaka mutakhazikika, ndipo ukatumiza ndibweza. Zikadzandivuta ndidzakuuza ndekha, sindidzabisa. Koma sindilola kuti dzina langa likhale chingwe chokumangirira pa ntchito imene ikukulanda mwana wako. Nkhani imeneyi yatha, usadzaiyambitsenso.

Mawa m'mawa ndibwera kudzakuperekezani. Ndikudzidziwa, lole ikadzaza n'kuliza injini ndilira, mwina mokweza mpaka kukuchititsa manyazi. Ukandiona choncho usatsike. Ndi misozi ya mayi basi, si yokuitana kuti ubwerere.

Mulungu akutsogolereni nonse atatu.

Ndine mayi ako,
Nabanda